Tizilombo ta m'Chitsime cha Bambo

Lolemba, 3 Juni

Ndathiranso madzi a shuga m'chitsime cha kuseri kwa nyumba ya bambo. Miyezi isanu ndi itatu tsopano ndikudyetsa tizilombo ta m'nthaka momwemu kuti tichuluke, tidye mankhwala otsukira makina ndi feteleza amene analowa m'madzi kuchokera kufakitale ya pafupi. Fakitale inatsekedwa, eni ake anapita, poizoni anatisiyira ife.

Lachitatu, 5 Juni

Madzi ayamba kununkha ngati mazira owola. Ndiye kuti tizilombo tagwira ntchito! Wosangalala ndine ndekha. Mlamu akuti, "Sukulu yonse ija kuti muziweta majeremusi?" Chonsecho ndi iye yemwe amasenza madzi akumwa kuchokera kutsidya kwa msewu, ndi pakati pakepo.

Lachisanu, 7 Juni

Abwana anadutsa. Akuti akuluakulu a kuntchito kwathu abwera Lachinayi kudzaona chitsimechi. Poizoni akapezeka kuti watsika, tikonza zitsime zonse za kuno. Apo ayi, ntchito ithera pomwepo. Bambo anali pakhonde, kumangomvetsera.

Lolemba, 10 Juni

Fungo palibe. Madzi ali mbee. Zandiopsa.

Lachiwiri, 11 Juni

Ku labu andiuza: tizilombo tafa tonse. Wina wathira klorini.

Kuseri kwa bafa ndapeza zigubu zitatu za klorini zopanda kanthu. Ndinamulalatira mlamu mpaka aneba kusuzumira pampanda. Kenako bambo: "Musiye mlamu wako. Ndathira ndine."

Akuti alendo akanamva fungo lija akanati ndalephera. Ndinakuwa kuti ndinawafotokozera kangati! Iwo maso pansi.

"Migolo ya pafakitale ija ndinkakhuthulira m'dzenje ndine, mwanangu. Zaka khumi ndi ziwiri. Ndimati nditsukeko ndi manja anga omwewa."

Ndinkadziwa kuti ankagwira kumeneko. Za dzenjezo sanatiuzepo. Ndakwiya moti chakudya chandikanika.

Lachinayi, 13 Juni

Akuluakulu sanathe ndi mphindi khumi zomwe. Mmodzi anayamikira kuti madzi akuoneka oyera, kenako anawerenga pepala la ku labu losonyeza kuti poizoni sanatsike n'kukwera galimoto. Ntchito yatha. Mlamu azisenzabe madzi, ndipo sindinamupepese.

Nditaweruka ndapeza bambo atagwada pachitsime, paketi ya shuga wawo wa tiyi ili m'manja.

"Mwina tatsalako tiwiri titatu. Timadya wochuluka bwanji?"

Ndapita kukatenga ndowa yosungunuliramo shugayo.