Chaputala Chimene Rhodah Anakana Kudumpha

Kabwata, Lusaka
17 Juni 2024

Okondedwa alongo anga a Imelda,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Chama. Ndasankha kulemba kalata chifukwa foni yanu imaduka tisanafike pa nkhani yeniyeni, ndipo ine ndimapezerapo mpata wonena kuti tili bwino n'kusiyira pomwepo. Mawa m'mawa ndikaipereka ku Intercity kwa kondakitala wa basi yobwera kumeneko.

Choyamba, mwana ali moyo. Munamva kale kuti anabadwa kutatsala miyezi iwiri kuti nthawi yake ikwane, magazi a Rhodah atathamanga kwambiri. Chimene sindinakuuzeni n'chakuti sabata yatha analowa matenda m'magazi. Ali m'kabokosi kagalasi kofunditsira ana, ali ndi kapaipi ka mpweya m'mphuno, ndipo mankhwala akulowera padzanja laling'ono ngati chala changa chachikulu. Madokotala ndi anamwino akuchita zonse zoyenera, ndilibe powadandaulira. Ndawerenga zimene akatswiri analemba za ana obadwa chonchi. Chiwerengero cha amene amapulumuka ndikuchidziwa, koma sindikulemberani.

Chimene chandikhazika pansi ndi cholembera ndi mlamu wanu. Ndikufuna wina wa kwathu adziwe mkazi amene ndinakwatira.

Mukukumbukira mmene munasekera nditakuuzani za pangano lathu. Titangokwatirana, Rhodah anandipempha kuti Lamulungu lililonse masana ndizimuwerengera chaputala chimodzi cha Baibulo, akuti mawu anga amamveka ngati a munthu wowerenga nkhani pa wailesi. Ankadziwa bwino kuti kutchalitchi ndinasiya ndili ku yunivesite. Ndinavomera, koma ndinaika lamulo langa: tiyambire pachiyambi penipeni, tizitsata ndondomeko, osadumpha ngakhale tsamba limodzi. Ndinkaona kuti anthu opemphera amakonda kutola mavesi okoma ngati mayi wosankha tomato pamsika wa Chelstone, obooka n'kuwasiya pansi pa mulu. Ndinati tiwerenge zonse tione.

Zaka zisanu zadutsa tikuchita zimenezi. Tawerenga nkhondo, miliri, malamulo a khate ndi mayina a mibadwo amene amapota lilime. Tikamaliza, aliyense amanena chimene waona. Ine ndimapeza chotsutsa, iye amamvetsera, nthawi zina amandiyankha, nthawi zina amangoti, “Apo mwaniwina, tizaona kusogolo.” Sanaphonyepo sabata. Ngakhale zaka zonse zija tinalibe mwana, abale akutinong'ona, bukulo linkatsegulidwa.

Loweruka kuchipatala kunabwera a Malama, azakhali ake a Rhodah a ku Makeni. Anatipeza pakhonde la kunja kwa chipinda cha ana, anapereka moni wa Chibemba kwa Rhodah, kenaka anatembenukira kwa ine ndi moni womwewo.

“Ba tata, mwabomba shani? Ine nizakamba chabe, olo mukalipe. Nyumba yamene mwamuna sagwada, chitseko chimankala chosegula. Ganizamponi. Mwana salakwa, koma amalipila.”

Ndinangowathokoza. Munthu wamkulu, ndiponso anabwera ndi mtima wabwino ndi fulasiki ya phala. Koma nditafika kunyumba madzulo, magetsi atazima monga mwa masiku ano, ndinayatsa tochi ya pafoni n'kuyang'ana pamene tinalekezera sabata yatha. Alongo, chaputala chotsatira chinali cha mfumu ija imene inalanda mkazi wa msilikali wake n'kuphetsa mwamunayo, mneneri n'kuiuza kuti mwana wobadwayo adzafa. Mwanayo anadwala, mfumu inasala kudya n'kugona pansi ikupempha, koma mwanayo anamwalira ndithu. Inu mumaidziwa nkhaniyi kuposa ine. Palibe anakonza kuti itigwere sabata ino. Chaputala chimodzi pa sabata kuchokera pachiyambi chimakufikitsa pamenepo, basi. Ndinawerengetsera kawiri.

Dzulo masana ndinakwera minibasi, Baibulo lili m'chikwama pamodzi ndi chinangwa chootcha ndi mtedza, zimene kwawo kwa Rhodah ku Luapula amati tute ne mbalala. Ndinali nditakonza kale bodza langa. Rhodah anatuluka m'chipinda cha amayi akuyenda pang'onopang'ono chifukwa cha bala la opaleshoni, atafunda chitenje pamwamba pa juzi yanga. Tinakhala pabenchi pamene panali kadzuwa.

“Ba Thanda, mwabwelesa Baibo?”

“Ndabweretsa. Koma lero ndaganiza kuti tiwerenge limodzi la masalimo. Ndi lalifupi, iwe watopa.”

“Masalimo? Tikalibe kufikako. Na mayendedwe yathu aya tizafikako mwana ali ku nasale.”

Ananena zimenezi akutafuna mtedza, ngati kuti sukulu ya nasaleyo talipira kale. Ndinayesanso. Ndinati lamulo ndinaika ndine, choncho ndingathe kulimasula tsiku limodzi. Anandiyang'ana monga amayang'anira ana a giledi faivi kusukulu kwake akamanama kuti buku laiwalika kunyumba.

“Mwaona kale vamene vilipo, ai? Na ine niziba. Ninakulila mu Sande sukulu ine. Lamulo ni yanu, ba Thanda: kulibe kulumpha. Belengani.”

Ndinawerenga. Gawo la mneneri ndinadutsa bwino. Koma nditafika pamene antchito a mfumu akunong'onezana, akuopa kuiuza kuti mwana wapita, mawu anandithera. Si kuti ndinalira. Zilembo ndinkaziona bwinobwino. Kuseri kwa khoma limene tinatsamira kunkamveka timakina ta m'chipinda cha ana tolira ngati anapiye.

Rhodah anapukuta manja pachitenje, anatenga bukulo pamiyendo panga, napitiriza pamene ndinalekezera. Amawerenga mochedwa, chala chikutsata mzere. Sanathamange pa mawu ovutawo ndipo sanatsitse mawu. Anawerenga mpaka pamene mfumu inadzuka, kusamba, kudzola mafuta n'kupempha chakudya, mpaka kumapeto kwenikweni kumene kuli nkhani ya nkhondo yosakhudzana ndi ife. Atatseka anati, “Manje kambani. Mwaonapo chani?”

Ndinamuuza zoona. Ndinati ndaona mwana wosalakwa akufa chifukwa cha tchimo la bambo ake, ndipo sindikuona chilungamo pamenepo.

“Na ine sinachikonde,” anatero. “Ninamuuza kale Mulungu kuti apa sinimvela. Koma imwe, ni va ba Malama vamene vikuvutani? Uyu wathu anabwela musanga chifukwa cha BP yanga. Ndimwe munanionesa pa foni, na mapikicha. Mwapaya ndani imwe? Mwatenga mukazi wa ndani? Ngati aliko nikambileni manje, nikali pafupi na madokota.”

Ndinaseka, alongo, koyamba chibadwire mwanayu. Kenaka ndinamufunsa funso limene ndinkaliopa masiku onsewa. Ndinati, “Rhodah, iwe ukukhulupirira kuti achira?”

Ndinkayembekezera kuti anena kuti inde, m'dzina la Yesu, monga amanenera amayi ena m'chipindamo. Ndikanamumvetsa, ndipo ndikanakhala chete.

“Siniziba,” anatero. “Mulungu sananiuze.”

“Nanga ukudalira chiyani?”

Anayang'ana kaye amayi ena amene ankayanika matewera pa waya.

“Ngati ankala, ni wake. Ngati apita, sapita kuli mulendo. Ija mfumu, pamene mwana anali moyo, inapempa. Wathu akali moyo, so ine nikali pa kupempa. Vija vinangu nizaviona nikafikapo. Koma kusala kudya, iyo yeka nayikana. Mfumu sinali kuyamwisa. Nipaseni tute.”

Anadya chinangwa chonse, ndi changa chomwe. Posakhalitsa namwino anasuzumira pakhomo n'kuitana amayi kuti nthawi yofinya mkaka yakwana, ndipo iye ananyamuka ndi kakapu kake, akugwira pamimba.

Ndinatsala pabenchipo ndikuganiza. Ntchito yanga ya zanyengo mukuidziwa. Tsiku lililonse ndimauza anthu kuti mvula ikhoza kugwa kapena ayi, ndipo ndimanyadira kuti sindilonjeza chimene sindikudziwa. Ndakhala ndikuganiza kuti kudalira Mulungu ndi kukana kuyang'ana zinthu mmene zilili. Koma dzulo amene anafuna kutseka tsamba ndine, mwini ziwerengero. Iye analitsegula, analiwerenga mokweza khoma limodzi lokha likumulekanitsa ndi mwana wake wodwala, ananena poyera kuti sakudziwa, kenaka anapita kukafinya mkaka. M'mabuku onse amene ndawerenga sindinakumanepo ndi kulimba mtima kotere, ndipo ndakhala nako m'nyumba imodzi zaka zisanu ndikukutsutsa Lamulungu lililonse.

Musafulumire kukauza abusa kuti mlongo wanu watembenuka. Mafunso anga ali pomwe anali. Mayi wina wa ku Woodlands, amene bedi lake linali pafupi ndi la Rhodah, ankapemphera kuposa onse, koma mwana wake anamwalira Lachinayi. Rhodah ndi amene anamuthandiza kulongedza katundu n'kumuperekeza mpaka pageti. Zimenezi ndinaziona ndi maso, ndipo sindidziwa poziika. Ndingonena kuti chimene mkazi wanga waimapo, kaya n'chiyani, chikumunyamula, pamene zimene ndaimapo ine zimangondiuza kukula kwa dzenje.

Lero ndinapempha tchuthi kuntchito ndipo ndinapitanso. Dokotala wati magazi a m'mawa uno akuoneka bwinoko pang'ono kuposa a Lachisanu, koma anawonjezera kuti masiku akubwerawa ndi amene anene zoona. Ndinamuthokoza chifukwa chosandinamiza. Anandilola kulowa nditasamba m'manja mpaka m'zigongono. Namwino wina wachikulire, wa nthabwala, anatsegula kazenera ka kabokosiko kuti ndilowetse dzanja.

“Kambani naye, ba tata, amamvela. Muitaneni. Zina yake ni ndani? Ife tatopa kumuitana ati mwana wa Rhodah, monga alibe atate.”

Dzanja langa linali pamsana pake, ndikumva nthiti zikukwera ndi kutsika mofulumira, koma ndinalibe dzina lomuitanira.

Kwathu mwana woyamba amatchulidwa ndi a kuchimuna, ndipo popeza atate ndi amayi anatisiya, udindowo ndi wanu. Rhodah amaudziwa mwambowu ndipo sanandikakamizepo. Amene ndakhala ndikuzengereza ndine. Ndinkati tidikire kaye atuluke, chifukwa ndinkaganiza kuti chimene sunachitchule dzina sichipweteka kwambiri chikachoka. Nditaika dzanja pamsana paja ndinadziwa kuti kuwerengetsera kumeneko n'kolakwa.

Choncho pempho langa ndi ili. Kalatayi ikangofika, musadikire Lamulungu kapena kufunsa a kumudzi. Kwerani pachulu paja pamene foni imagwira, muimbe. Ikaduka, tumizani uthenga wa mawu amodzi okha, ndidzamva. Sankhani dzina lililonse limene mtima wanu wakonda, la amayi kapena lina. Ndikufuna limupeze ali moyo, ndimuitane nalo, ndipo amayi ake akhale ndi dzina lotchula akamapempha.

Mupereke moni kwa alamu, muwauze kuti uchi uja unafika ndipo Rhodah amathira m'phala. Moni kwa ana, Kevin ndi Bethany, alimbikire sukulu. Mlamu wanu akuti ndikuuzeni kuti musade nkhawa ndi iye, akudya ngati wolima. Mwana wanu wamng'ono wa m'kabokosiyo sangathe kupereka moni, koma pamene ndimachotsa dzanja anatambasula mwendo n'kundiponda pachala, ndiye ndalandira m'malo mwanu.

Foni yanga ikhala yoyaka.

Ine mlongo wanu,
Thandazani