Peresenti yagwetsa rauta

Lachinayi, Ogasiti 2008

Lero ndaswera ndi mkwiyo. M'mawa ndimasintha dzina la rauta ya ofesi yathu kuno ku Chipyela, kabokosi kamene kamatilumikiza ku intaneti. Pa zenera la pakompyuta lolembapo malamulo chala chinaterereka, ndinalemba %s m'dzinamo. Rauta inalavula manambala, pakati pake pasiwedi yoyendetsera makina onse ili poyera, kenako inazima.

Nditaiyatsa n'kuyesanso zinachitika chimodzimodzi. Pulogalamu yake sitenga zolembazo ngati dzina chabe, imazimvera ngati lamulo. Ndiye kuti aliyense wofika pa zenera limenelo, ngakhale ali kutali, akhoza kutilanda makinawa. Ndinazula chingwe cha intaneti.

Ndinaimbira amene anatigulitsa rautayo ku Lilongwe. Anaseka. "Achimwene, basi musamalembe peresenti."

Masana anabwera Mayi Chirwa, anamwino, kuti atumize zotsatira za magazi a mwana kwa dokotala wa kuchipatala chachikulu. "Mwatseka inuyo, ndiye mwanayo adikire?" Ndinabwezera chingwecho ndikudziwa kuti khomo lili pululu, uthenga n'kupita.

Chingwe chikadali pomwepo. Mawa ndiwaimbiranso a ku Lilongwe aja, ndipo akangosekanso...