Kadontho Kobiriwira ka Lamulungu

Chikweo, Machinga
Lolemba, 15 Julayi 2024

Masiku a Lamulungu chimuikire Lucius m'manda: 123
Omwe ndinayatsa laputopu yake: 109
Omwe sindinayatse (maliro 6, malungo 5, sola itafooka 3): 14
Maulendo omwe dzina lanu latumphuka pagalasi: 87

Okondedwa apongozi anga, amake Blessings,

Ndikhulupirira muli bwino ku Mzuzuko pamodzi ndi mdzukulu wanga. Kuno tadzuka, kungoti mphepo ya chaka chino yandilowa m'mawondo. Musadabwe ndi manambala ali pamwambawo. Zaka zonse zomwe ndinaphunzitsa masamu zinandisiyira chizolowezi choyamba ndaona chiwerengero ndisanatsegule pakamwa. Dzulo ndinakuimbirani foni kuti ndinene zimenezi, koma munamva nokha kuti ndinathera pa za yunifolomu ya mwana. Ndiye ndalemba, ndipo a Pitala a kutchalitchi kwathu, amene akubwera kumeneko Lachinayi, akupatsirani pamanja.

Mukukumbukira kuti titagawa katundu wa mwamuna wanu munandisiyira laputopu yake yakale ija, munati ndiziwonerapo zithunzi. Lucius ali moyo anandiphunzitsa kuilumikiza ku foni yanga ndi kutsegula Fesibuku yake, poti ine ndinalibe yanga. Atamwalira pa ngozi ija ya pa Phalula, ndinapeza kuti tsamba lake likadali lotsegula monga analisiyira. Kuyambira pamenepo, Lamulungu lililonse ndikachoka ku Misa ndimayatsa 2 koloko. Ndimaonera kakanema kaja akuseka pa ubatizo wa Blessings, ndimayang'ana dzina lake pamwamba, kenako ndimazimitsa. Sindinalembepo kanthu ngakhale kamodzi.

Chaka chatha panayamba kubwera mzere wa mawu pamwamba, wonena kuti makinawa sadzalandiranso zatsopano. Sindinasamale. Koma chiyambire Meyi zithunzi zina zimangobwera mabokosi oyera, ndipo kakanema kaja kamaima Lucius atatsegula pakamwa, kuseka osatuluka. Lachisanu ndinakwera kabaza mpaka pa Ntaja kwa a Usumani, okonza makompyuta kuseri kwa msika, amene anaphunzira limodzi ndi Lucius ku sekondale.

Anandifotokozera bwino. Akuti brawuza, pulogalamu yomwe timalowera pa intaneti, eni ake amaikonzanso kawirikawiri, koma anasiya kukonzera makina oyendera Windows 7 ngati awa. Masamba akusintha, ife tatsala m'mbuyo, ndipo tsiku lina adzangokana kutseguka. Ndinafunsa ngati sangaikemo zatsopanozo. Anati makinawo ndi ofooka, ndipo ngakhale atakakamiza, tsamba lidzafuna nambala yachinsinsi ya Lucius. Anaifufuza m'makinamo osaipeza, ndipo nambala ya foni ya Lucius, yomwe ikanathandiza kupeza ina, a kampani ya foni anaipatsa kale munthu wina. Anaseka n'kunena kuti laputopuyi yakalamba kuposa ine, ine n'kuwayankha kuti ine mano ndikadali nawo.

Kenako anati ndiwaonetse vutolo. Nditatsegula tsamba, anayang'ana foni yawo, nayang'ana ine, kuseka konse kunatha.

"Ndiye ndinu, amayi?" anatero. "Lamulungu lililonse, 2 koloko?"

Anandionetsa foni yawo. Pa chithunzi cha mwana wanga panali kadontho kobiriwira. Akuti kamayaka munthu akakhala pa intaneti nthawi yomweyo, ndipo anzake onse amakaona. Iwo akhala akukaona zaka ziwiri. Poyamba ankaganiza kuti ndi akuba, koma wakuba wanji wosalemba kanthu, wobwera tsiku limodzi, ola lomwelomwelo? Akazi awo anawauza kuti achotse dzinalo m'foni, iwo dzanja linakana, ankangomuchitira duwa, pemphero la Chisilamu, mnzawoyo ngakhale anali Mkatolika.

Apongozi, ine za kadonthoko sindinkadziwa. Pagalasi langa sindinakaonepo.

Pobwerera ndinali kuganiza za inu njira yonse. Ndikayatsa, pasanathe nthawi kabokosi ka dzina lanu kamatumphuka pakona. Ndimakaphimba msanga ndi buku la nyimbo, chifukwa za mkazi ndi mwamuna wake si zoti mpongozi awerenge. Ndinkangolemba kamzere pa kalendala. Ndinkati mukulankhula naye monga timachitira kumanda, podziwa kuti palibe akumva. Sindinadzifunse chifukwa chake nthawi zonse mumalemba ine nditangoyatsa kumene. Ndinakumbukiranso zomwe amalume anu anadzandiuza pa Pasaka, kuti a Chester, aphunzitsi a kumeneko, akufunsirani kawiri ndipo inu mukungoti dikirani, chonsecho tinakusudzulani kalekale pamaso pa mbumba zonse ziwiri.

Dzulo ndinayatsanso, ndikudziwa zonsezi. Sindikubisirani. Ndinafuna kumuona kamodzi, ndipo buku la nyimbo ndinaliiwala m'chikwama. Kabokosi katatumphuka, maso anga anawerenga ndisanawaletse:

"Mukadzasiya kubwera, ndidzadziwa kuti mwandilola."

Ndinakhala pamenepo chala chili pa batani lozimitsira, osadina. M'nyumba munali zii, nkhuku zokha panja. Ndinamva ngati ndavala malaya a mwana wanga n'kuima pazenera panu. Sindinazimitse ndine. Batire linatha lokha.

Ndaganizapo zongokhala chete. Makinawa afa okha posachedwa, kadonthoko kazima, inu mudzati Lucius wavomera, ndipo aliyense apeza mtendere. Yankho likutuluka bwinobwino. Koma m'kalasi mwanga sindinkachonga yankho lolondola mwana akalipeza m'njira yabodza. Ndipo makina akale sadziwika. Akhoza kukoka chaka china, ine n'kumalephera kudziletsa, inu n'kumadikirabe.

Ndiye imvani kwa ine. Sanali Lucius. Lucius anagona kuno kwathu, pafupi ndi bambo ake, ndipo manda ake ndimalambula ndekha. Amene ankabwera Lamulungu lililonse ndi nkhalamba yosowa mwana wake. Ngati mukufuna wokulolani, ine amene ndinamubereka ndikukulolani. A Chester abwere adzandione, adzamwe tiyi pakhonde pano.

A Usumani akopera zithunzi ndi kakanema kaja pa fulashi ziwiri. Ina ili mu envulopu muno, musungire Blessings. Mauthenga anu sanawakhudze, ndinawaletsa.

Ndili ndi pempho limodzi. Lamulungu likubwerali, pa 21, ndiyatsa komaliza 2 koloko. Mukaona kadonthoko musachite mantha, ndine. Ngati mwandikhululukira, lembani liwu limodzi lokha, koma mulembere ine, ndipo buku la nyimbo ndiliika patali. Ngati simulemba, ndimvetsa. Ikakwana 3 koloko ndidina pomwe a Usumani andionetsa, potulukira mu Fesibuku yake, ndipo palibe adzalowenso.

Mundiperekere moni kwa Blessings, mumuuze kuti agogo akusunga mtedza wake. Moni kwa amayi anu ku Balaka. Moni kwa a Chester. Dzina limeneli ndalilemba katatu m'kalata muno, ndipo dzanja layamba kuzolowera.

Omwe ndayatsa: 109
Otsala: 1
Onse pamodzi: 110
Pambuyo pake: 0

Ndine mayi wanu, lero ndi mawa lomwe,
Bernadetta Nampinga