Wokhala Pamthunzi

Achemwali a Lenah,

Ndikhulupirira muli bwino kumudziko. Kuno ku Nairobi tilipo.

Loweruka anzanga a kuntchito ku Gigiri ananditengera kumasewera a besibo. Pa dzina langa analembapo DH. Akuti ameneyu ndi munthu wongolowa kukamenya mpira ndi chibonga, kenako n'kukakhala pamthunzi anzake akuthamanga padzuwa. Ndinamenya kamodzi kokha, anthu n'kundiombera m'manja.

Manjawo anandikumbutsa maliro a amayi. Inu munawasambitsa ndi kuwadyetsa zaka zitatu. Ine ndinangotsika ndege, n'kulankhula mphindi zisanu, anthu n'kumati, "Koma Jerome ndi mwana." Inu munali kuseri mukutsuka mbale. Dzina lanu sindinalitchule n'komwe.

Zinazo pepala silinganyamule. Moni kwa alamu.

Ndine mlongo wanu,
Jerome