Nthochi ya Chawanangwa Yabereka

Dwambazi,
Nkhotakota,
Novembala.

Okondedwa achimwene a Yoramu,

Ndiyambe ndi moni, monga anatiphunzitsira malemu amama. Muli bwanji ku Joni kumeneko? Alamu ali bwanji, nanga ana? Chifuwa chija chimakuvutani nthawi yozizira chinakusiyani? Ife kuno tadzuka, Mulungu akutisunga. Kunja kwatentha koopsa, mitambo ikungosonkhana n'kubalalikanso, ndipo anthu ayamba kale kufolera nyumba.

Musadabwe kuti ndalemba kalata ngati kale pamene foni muli nayo. Ndakutulukirani. Tikamakamba za sukulu ya ana anu netiweki imakhala bwinobwino, koma ndikangotchula dzina la mng'ono wanu Chawanangwa, basi mwayamba halo halo, simukundimva. Pepala lilibe netiweki. Ndawapatsira a Steward oyendetsa basi aja, ndipo ndawauza kuti asachoke pamaso panu mpaka mutaitsegula.

Mtima wanga suli m'malo, achimwene. Ndikamasesa ndimasiyira pakati, ndikapita kudimba ndimabwerera panjira. Mvula ikubwerayi ikhala yachitatu chichokereni Chawanangwa, ndipo ndikuopa kuti ikatha tidzakhala titatayanso adada.

Ndikukumbutseni, popeza mumachita ngati mwaiwala. Chawanangwa anapita ku Limbe ndi matumba a usipa wouma monga ankachitira nthawi zonse, n'kukagona kwa mnzake ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche. Namondwe wa Freddy atafika, phiri linatsika ndi matope ndi miyala, nyumba ija osaonekanso ngakhale maziko ake. Mtembo wa mnzake uja unapezeka. Wa m'bale wathu sunapezeke mpaka lero.

Mukudziwanso kuti adada, moyo wawo wonse, ndi amene anthu amawathamangira munthu akamira. Kuyambira kwawo ku Usisya mpaka kuno, amatenga nsungwi yawo ija ya ngowe kunsonga, n'kuyang'ana mphepo, n'kutchula gombe limene munthuyo akatulukire. Mawu awo sasintha: madzi sasunga munthu, chimene watenga mpoto mwera umabweza.

Panyanja pano mawu amenewa sanawanamizepo. Vuto n'lakuti tsopano awatengera kuphiri.

Akuti mwana wawo anam'kwirira ndi namondwe, ndiye amene adzam'fukule ndi namondwe mnzake, bola akhale wamphamvu kuposa uja. Ndinayesa kuwauza kuti matope si nyanja, kuti pamalo paja anthu anamangaponso nyumba. Anandiyang'ana ngati mwana woyamwa, n'kundifunsa kuti ndinavuulapo anthu angati ine.

Ndikuuzeni chimene ndimachita manyazi kuuza ngakhale abusa. Dziko lonse likupemphera kuti namondwe asabwerenso, koma bambo athu akupemphera kuti abwere.

Wailesi ija munawatumizira sichoka m'khosi mwawo. Amapita nayo kugombe, kuchigayo, mpaka kutchalitchi, kumene amaitsitsa mawu n'kuibisa mu jekete. Azanyengo akangoyamba kulankhula, nyumba yonse iyenera kukhala zii. Tsiku lina anamenya nkhuku ndi nsapato chifukwa inatetera pamene ankatchula za nyanja ya mchere.

Ine ndiye anandisandutsa kalaliki wawo. Anandiuza kuti ndifufuze pa foni anamondwe onse amene anavutapo m'nyanja yaikulu ya India, kumene kumachokera zimenezi. Ndinawawerengera za Idai, za Kenneth, za Gombe. Nditafika pa wina wotchedwa Gafilo, amene anasakaza ku Madagascar zaka za m'mbuyomu, ndi wina Fantala, foni inati awiriwa anaposa Freddy mphamvu. Ndinkaganiza kuti achita mantha. M'malo mwake nkhope yawo inawala, n'kunena kuti ndiye kuti akuluakulu ake alipo, sanafike chabe.

Fantala amamunyoza mpaka pano chifukwa ndinawauza kuti mphamvu zake zambiri zinathera panyanja. Akuti ameneyo ali ngati mwamuna wa dzitho wosagwira khasu. Mayina amenewa amawatchula bwino kuposa a adzukulu awo, ndipo nthawi zina ndimaseka, kenako ndimapezeka ndikulira.

Chaka chatha mu Disembala wailesi italengeza za namondwe Chido, ndinabwera kuchokera kudimba n'kupeza chikwama cha adada palibe, nsungwi ya ngowe ija palibenso. Anthu anawaona ku Dwangwa akukangana ndi kondakitala amene ankakana kukweza nsungwiyo. Anakafika ndithu ku Blantyre. Anabwerako ali wefuwefu, n'kungoti Chido anafika atatopa, sanagwire ntchito.

Ndi pamenepo akulu a mpingo ndi amalume anabwera kudzakhala nawo pansi. Anawakumbutsa mwambo umene adada eniake anaugwiritsapo ntchito kwa ana a anzawo: munthu akasowa ndithu, timadula thunthu la nthochi lofanana ndi msinkhu wake, timalikulunga mu nsalu, timaliika m'manda, anthu n'kulira maliro n'kupumula. Adada anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati mwana wawo si nthochi, komanso kuti mwana wawo wamkulu ku Joni ananena kuti tisaike kanthu iye kulibe, tidikire kaye.

Mawu amenewo ndi anu, achimwene. Munawanena pa foni sabata imene Chawanangwa anasowa. Mwina inu munangofuna kupeza mpata wopumira, koma adada anawasunga ngati vesi la m'Baibulo.

Alendo aja atangochoka, adada anatenga chikwanje. Nthochi zonse za kuseri kwa nyumba, zija anabzala amama, anazigwetsa imodziimodzi mpaka kukumba ndi zitsa zomwe, kuti wina asadzapeze podula. Ndinaima pakhomo manja ali m'mutu. Sanandiyang'ane n'komwe.

Mu Malichi kunabwera namondwe Jude, ndipo adada anathawiranso ku Blantyre. Ulendo uno amene anandiimbira ndi mayi wina wogulitsa makala ku Chilobwe. Anati pali agogo ena aima m'khwawa, mvula ikuwakhuthukira, akuzika nsungwi m'matope n'kuizula, kuzika n'kuizula, ndipo akukana kuchoka. Anachita kuwakoka ndi anthu. Ndinakawapeza m'chipatala ali ndi chibayo, akupuma ngati mvukuto. Adokotala anandiuza poyera kuti mapapo amenewa sadzapiriranso mvula ina yotere.

Mukuganiza kuti anamva? Atangotha kuimirira, choyamba kufunsa chinali nsungwi yawo.

Tsopano ndikuuzeni za mlamu wanu Hawa, mkazi wa Chawanangwa, amene simumufunsa n'komwe. Anabwerera kwa makolo ake ku Nkhotakota pa boma pamodzi ndi mwana wawo Talandira. Mtsikana uja watha, achimwene, mukamuona simungam'zindikire. Kwawo ndi Asilamu, ndipo mkazi mwamuna wake akamwalira amakhala eda, miyezi yake yolira ali m'nyumba, akamaliza n'kukhala womasuka. Koma ashehe anati eda sangayambe eni ake a mwamuna asananene kuti munthu wawo wapita. Ndiye Hawa ali pakatikati. Kwa akazi apabanja sawerengedwa, kwa amasiye sawerengedwanso. Ku ukwati wa mng'ono wake anangokhala kukhitchini, osadziwa kuti avale chiyani.

Bambo ake, a Kalilu, ndi munthu waulemu kwambiri. Abwera kuno kangapo, amavula nsapato pakhomo, n'kukhala pansi kupempha mawu amodzi okha. Ulendo womaliza anati iwo sakufunira mwana wawo mwamuna wina, akungofuna kuti alire poyera ngati anzake. Anakumbutsa adada kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Adada anawathira tiyi, n'kuwafunsa ngati amvako za nyengo ya chaka chino.

Pali chinthu chimene Hawa anachita chimene ndinkadziwa ine ndekha. Tsiku limene adada anagwetsa nthochi lija iye anali kuno, anabwera kudzaonetsa mwana. Pochoka anatola kamphukira kamodzi pamulu paja, n'kukakulunga mu chitenje, n'kukakabzala kuseri kwa bafa la kwawo. Anati ngati tsiku lidzafike, mwamuna wake asadzaikidwe ndi nthochi yopempha kwa eni, koma ya amayi ake omubereka. Wakhala akuithirira ndi madzi otsukira mpunga chilimwe chonsechi.

Nthochi ija yakula, achimwene. Yafika msinkhu wa Chawanangwa mpaka kupitirira, ndipo yabereka mkoko waukulu moti yayamba kupendekeka. Inu munakulira kumudzi, mukudziwa kuti nthochi imabereka kamodzi. Mkoko ukakhwima, thunthu limadulidwa kapena limagwa lokha n'kuola.

Sabata yatha adada anati akufuna kukaona mdzukulu wawo. Ndinawaperekeza, poopa kuti angasinthire basi ya ku Blantyre. Titafika anatilandira bwino, Talandira n'kukhala pamwendo pa agogo ake. Kenako adada anapempha kokataya madzi, n'kuzungulira kuseri. Ine ndi Hawa tinangoyang'anana.

Atachedwa, tinawatsatira. Tinawapeza ali chiriri patsogolo pa nthochi ija. Mtundu uja sakanauphonya, ndi womwe uja amama anabwera nawo kuchokera ku Usisya. Anafunsa, osatembenuka, kuti mbewu imeneyi yachokera kuti.

Ndinkafuna kunama, koma Hawa ananditsogolera. Anagwada pansi n'kuwauza zonse. Anati iye sakutsutsa kuti apongozi ake amadziwa madzi, koma watopa kugona ndi foni m'manja, watopa kumuuza mwana kuti adada ake ali ku Limbe. Anati akufuna malo amodzi padziko pano amene angaloze n'kumuuza Talandira kuti bambo ako ali apa.

Adada anapempha chikwanje.

A Kalilu anawapatsa okha chikwanjecho, nkhope ili pansi. Hawa anatseka maso. Koma adada anaidutsa nthochi ija n'kupita pa mtengo wa kesha uli kumpanda. Anadula nthambi ya mphanda, anaisadza bwinobwino, n'kubwera kudzachirikiza thunthu lija pansi pa mkoko. Anaigwedeza kuti aone ngati yalimba, monga amachitira ndi bwato akalikokera kumtunda.

Atatha anapukuta manja mu buluku n'kuuza Hawa kuti aziiyang'anira, isagwe Yoramu asanabwere.

Mu minibasi pobwerera wailesi inali m'khosi monga mwa masiku onse, koma sanaitsegule mpaka tinadutsa Dwangwa. Aka kanali koyamba kuwaona atatero chichitikireni zija.

Musaganize kuti achira. Dzulo azanyengo anati nyengo ya anamondwe yayambanso ndipo tikhale tcheru. Ndinawapeza adada akunola ngowe ija pamwala. Mtima wawo uli pawiri, wina uli ku Chilobwe, wina uli kuseri kwa bafa la a Kalilu. Sindikudziwa kuti upambane ndi uti, ndipo basi iliyonse ikaima pamsewu ndimathamangira kukaona ngati ali pakhonde.

Ndiye ndikukupemphani, achimwene, ndagwada. Bwerani. Musanditumizire kanthu, musandiuze za mapepala ndi abwana anu, ndazimva kokwanira. Munthu amene anamanga mfundo ndi amene amadziwa poimasulira. Adada sangathe kunena ndi pakamwa pawo kuti madzi awakaniza mwana, ulemu wawo wonse uli pamenepo. Koma mukadzakhala nawo pakhonde inu n'kunena kuti tadikira kokwanira, ndikhulupirira adzangogwedeza mutu. Akudikira kuti wina awalande nsungwi ija, ndipo ine ndayesa, sakundipatsa.

Ndikudziwa chimene mukuthawa. Chawanangwa munamubereka kumsana, ndinu munam'phunzitsa kupalasa bwato. Mukuona ngati mukapanda kubwera ndiye kuti akadali ku Limbe akugulitsa usipa. Inenso ndimafuna zikanakhala choncho. Koma kuthawa kwanuko akukulipirira ndi nkhalamba ya mapapo ofooka ndi mtsikana amene sanalakwe kanthu. Ndakwiya nanu, sindibisa, komabe ndakusowani kwambiri.

Malo alipo pafupi ndi manda a amama, amalume anakaona kale. Nsalu yoyera a Kalilu anati adzabwera nayo okha. Amayi a chigwirizano akuti nyimbo ali nazo. Chatsala ndi inu.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa ana onse, muwauze kuti azakhali awo amawakumbukira m'mapemphero. Amalume akupereka moni. Hawa anati ndikuuzeni kuti sakusungirani mangawa. Talandira akuti mudzam'bweretsere nsapato zowala, poti amamva kuti ali ndi adada aakulu ku Joni koma sanawaonepo. Mulungu wa amama akusungeni, akutsegulireni njira, akufikitseni kuno muli amoyo.

Mphanda imene anaika adada ija ndi ya mtengo wauwisi, ndipo mkoko ukulemera tsiku ndi tsiku. Mphepo yoyamba ikadzaomba, kaya idzagwetsa nthochi, kaya idzakweza adada basi ya ku Blantyre. Fikani isanaombe.

Ndine mlongo wanu,
Marjory