Amayi Ayamba Kuimba

Achimwene,

Landirani moni, inu ndi alamu anga ku Joniko. Kuno ku Mkanda ana ali bwino, mtedza takumba. Ndikanati tonse tili bwino, koma limenelo ndi bodza la Amayi, lero sindilinena.

Loweruka tikuthothola mtedza pabwalo, Amayi anayamba kuimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi. Anzawo anati, "Anaphiri lero akondwa." Ine ndinasiya kuthothola pomwepo. Paja ine ndi Amayi tikamva ululu sitilira, timaimba. Pobereka Chisomo ndinkaimba mpaka anamwino kundiseka.

Ndinawakokera m'nyumba n'kuwavundukula chitenje. Achimwene, mwendo watupa mpaka m'bondo, bala lakuda bii! Akuti khasu linawatema nthawi yopalira. Nditawakalipira anangoti, "Nanga iwe, dzino lako lija unauza ndani?"

Kuchipatala ku boma akuti tikachedwa adula mwendowo, koma Amayi akukana kugonekedwa. Ati sangasiye mtedza pabwalo. Liuma limeneli ndikulidziwa, ndi langa lomwe. Ndi limene linatilera Bambo atamwalira, osapempha ngakhale mchere kwa munthu. Ndimawathokoza nalo tsiku lililonse, koma lero likufuna kundiphera mayi.

Chonde musangoimba foni, akuuzani kuti ali bwino ndipo mukhulupirira. Kwerani basi mubwere, inu amakumverani. Mulungu akutsogolereni panjira.

Chisomo wangondifunsa chimene ndikuimbira polemba kalatayi.

Ndine mlongo wanu,
Esinati