Madzi a Amayi Pakhomo

Sofia,
16 Meyi.

Okondedwa achimwene a Lyuben,

Ndikhulupirira muli bwino ku Germany kumeneko, pamodzi ndi alamu ndi kamwana kathu Bilyana. Ine thupi lili bwino, koma mtima suli m'malo. Ndalemba kalata m'malo moimba foni chifukwa amayi akadali kuno kwanga, ndipo makutu awo mukuwadziwa.

Mukukumbukira ntchito ija munkandiseka nayo pa Khirisimasi, kuti ndikalamba ndikuboola pulasitiki? Ndi kambale kathyathyathya, kukula ngati chikhatho chanu, kodzaza ndi timabowo tosiyanasiyana, tina ngati pobaya singano. Kakaikidwa kutsogolo kwa eriyo, timabowoto timapinda mafunde a wailesi aafupi kwambiri aja kuti asamwazike, aloze malo amodzi ngati kuwala kwa tochi. Lachiwiri linali tsiku loti ndikaonetse kambaleka kwa akuluakulu a kuyunivesite kwathu. Malo a ntchito yokhazikika analipo amodzi, ofuna tinali awiri, ine ndi mnzanga Asen. Wolephera, ntchito yake ikutha mu Juni.

Amayi anafika pa basi Lolemba, atanyamula banitsa, mkate wawo wa tchizi uja, ndi kamtsuko kawo kamkuwa kothirira madzi.

"Ukaipeza ntchitoyi ukhala konkuno, pafupi ndi ine," anatero. "Mmodzi ananditengera kale Ajeremani, zakwana."

Chipinda choyesera mafunde chili pafupi ndi kwanga, ndiye kambaleka ndinagona nako kunyumba, m'katoni yoyala siponji. M'mawa ndinaika katoniyo pansi pakhomo kuti ndimange nsapato. Ndili chiweramire ndinangomva khwaa. Amayi athira madzi patsogolo panga, monga ankachitira tikamapita kolemba mayeso.

"Zikuyendere ngati madzi, mwana wanga."

Achimwene, khonde langa lija ndi lopendekeka. Madzi onse analunjika pakatoni.

"Amayi, mwatani kodi?"

"Ndatani nanga? Dutsa msanga asanaume. Uyambe mwendo wamanja."

Ndinadutsa. Pamasitepe ndinatsegula katoni, ndinapeza siponji yonse itanyowa. Ndinapukuta kambale ndi mpango, ndikuuzira, kanaoneka kouma. Koma ndinkadziwa kuti madzi akalowa m'timabowo totere satuluka ndi mpango, ndipo mafunde amenewa akakumana ndi madzi amamezedwa. Njira yonse ndinkangopemphera.

Anayamba ndi Asen. Tinatseka chitseko cholemera cha chipinda choyesera, eriyo inazungulira pang'onopang'ono, ndipo pakompyuta mzere woonetsa mphamvu ya mafunde ake unaima njo ngati msomali. Kenako ine. Mzere wanga unakwera pang'ono, n'kugwa, n'kumera timakutu uku ndi uku.

"Rumyana, masamu ako unawerengera zala zakumapazi?" Asen anandinong'oneza moseka. Atandiyang'ana kumaso anasiya.

Ndinapempha kuti tibwereze. Zinatuluka zomwezo. Pulofesa Gerginov, amene amayang'anira ntchito yanga, anachotsa kambale, kukayang'ana pa getsi, n'kukagogoda pachikhatho. Panatsala kadontho. Anandikokera pambali.

"Anakuperekezani pakhomo ndani?" anafunsa motsitsa mawu.

"Amayi."

Anatsinzina. "Anga anandithirira mpaka tsiku la ukwati."

"Abwana, ndipatseni mpaka mawa, kauma."

"Mawa chipindachi chili ndi eni ake, ndipo akuluakuluwa akusankha lero. Ndiwauza, koma iwo amakhulupirira mzere. Mukanakasiya kuno dzulo."

Ananena zoona, n'chifukwa chake zinandipweteka. Malo anapatsa Asen. Ntchito yake ndi yabwino, sindingamunamizire, ngakhale kansanje sikalephera.

Pobwerera ndinawaona amayi ali pawindo, kundidikira.

"Zayenda?"

"Zayenda, amayi. Ayankha mwezi wamawa."

"Ndinadziwa ine," anatero akucheka banitsa. "Madzi aja anayenda bwino, sanaime."

Ndinadya, achimwene. Sindikudziwa kuti ndinameza bwanji. Dzulo kambale katauma ndinakayesa ndekha ndi timakina tathu ta mu ofesi, ndipo mzere unaima bwino kuposa wa Asen. Woona panalibe.

Tsono pempho langa ndi ili. Munanena kuti kufupi ndi kwanu kuli fakitale yopanga zida zothandiza galimoto kuona zili kutsogolo, ndipo amafuna anthu a mafunde ngati ine. Mundifunsire. Muwapemphenso alamu ngati ndingagone m'chipinda cha Bilyana kuyambira Julayi, sindichita nkonono ngati inu. Kuno ndayang'ana, malo ena kulibe.

Chachiwiri ndiye chachikulu. Za madzizi amayi asadzamve, ngakhale mutamwa mowa wa rakiya wochuluka bwanji. Ndidzawauza kuti ntchito anandipatsa koma ndasankha ndekha kupita. Andikwiyire, anene kuti ana awo onse ndi osayamika. Zimenezo ndipirira. Koma akadziwa kuti ndi dzanja lawo landichotsa pafupi nawo, sadzagonanso tulo.

Mupereke moni kwa alamu, Bilyana mumupsompsone pachipumi. Amayi akuti muzivala zofunda, ati kumeneko mphepo sikutha. Panopa ali kukhitchini, akuimba, akupukuta kamtsuko kaja kuti kawale. Tsiku lonyamuka ndikudziwa adzathiranso madzi pakhomo ngakhale atakwiya, ndipo ine ndidzadutsa, kuyamba mwendo wamanja.

Ndine mlongo wanu,
Rumyana